Dr. Hastings Kamuzu Banda: Mbiri Imene Sitidaiphunzire M'kalasi

Anzanga ophunzira akale, pamene a mkonzi adandipempha kuti ndilembe za moyo wa munthu mmodzi wotchuka wa kwathu kuno ku Kasungu, ndidayamba ndazengereza, chifukwa dzina limene lidabwera msanga m'mutu mwanga ndi lomwe aliyense wa ife amaganiza kuti adalidziwa kale. Tonsefe amene tidalowa sukulu ya pulayimale m'zaka za m'ma 1980 tidaphunzira za a Kamuzu. Tidaloweza kuti adabadwa pa 14 Meyi 1906, kuti adayenda pansi mpaka ku Joni, kuti adaphunzira udokotala kunja, ndiponso kuti adabwera mu 1958 kudzaphwanya chitaganya ndi kutipatsa ufulu. Mfundo zinayizi tidazikopera m'makope, tidaziimba pamtima, ndipo tidakhoza nazo mayeso.

Nditafika ku yunivesite ndi kuyamba kuwerenga mabuku amene kale adali oletsedwa, ndidachita manyazi poona kuti munthu wa m'boma langa lomwe, amene ndidamuimirira m'mbali mwa msewu kangapo konse dzuwa lili pamutu, sindidali kumudziwa. Chimene chidandidabwitsa koposa n'chakuti mbiri yake yeniyeni ndi yokoma ndi yophunzitsa kupambana ija ya m'kalasi. Tsono ndati ndiifotokoze monga momwe ndaimvera, zabwino ndi zowawa zomwe, kuti tione pamodzi chimene maphunziro amachita pa munthu, ndiponso chimene dziko limataya likamaphunzitsa ana mbiri yodulira.

Kasungu amene adabadwiramo

Choyamba chimene tidaphunzira molakwa ndi chaka chobadwa. Masiku amenewo kumudzi kudalibe wolemba tsiku lobadwa la mwana, ndipo akatswiri ambiri amene adafufuza nkhaniyi amagwirizana kuti a Kamuzu adabadwa cha m'ma 1898. Bambo wawo adali a Mphonongo Banda ndipo mayi wawo adali a Akupingamnyama Phiri. Dzina loti Kamuzu lidachokera ku kamuzu ka mankhwala kamene mayiwo adalandira kwa sing'anga atakhala nthawi osaona mwana.

Kasungu wa nthawi imeneyo adali asadakhale dziko la maesiteti ndi zigafa monga tikumudziwira ife. Lidali dziko la Mfumu Mwase, mfumu yamphamvu ya Achewa imene David Livingstone adaichezera mu 1863. Anthu a Mwase adalimbana ndi Angoni, ndipo dzina loti Nguru ya Nawambe, limene a Kamuzu adadzatcha nyumba yawo ya kuno, limakumbutsa imodzi mwa nkhondo zimenezo. Kumapeto kwa 1895 asilikali a boma la Angerezi adathira nkhondo Mwase, ndipo mfumuyo idasankha kudzipha kusiyana ndi kugwidwa. Choncho mwana Kamuzu adabadwa patangopita zaka zochepa dziko la makolo ake litagonjetsedwa. Ine ndidamaliza Folomu 4 ndikudziwa bwino za mafumu a ku Mali ndi ku Songhai, ndiponso za pangano la ku Versailles la 1919, koma za imfa ya Mwase, imene idachitikira pansi pa phiri limene tinkaliona tsiku ndi tsiku, ndidalibe nazo chidziwitso ngakhale pang'ono.

Sukulu idafika ku Kasungu ndi amishoni a Livingstonia. Kamuzu adayamba kuphunzira ku Mtunthama, patsinde pa mtengo wa kachere, ndipo pambuyo pake adapita ku mishoni ya Chilanga kumene kudali Dr. George Prentice. Adabatizidwa mu 1910 natenga dzina loti Hastings. Pamenepa tiyenera kutchula munthu wina amene m'kalasi sitidamumve, atsibweni ake a Hanock Msokera Phiri. Iwowa adaphunzira ku Livingstonia, adali mphunzitsi, ndipo ndiwo adatsegulira mphwawoyo njira ya maphunziro.

Mayeso a mu 1915

Mu 1915, chaka chomwe John Chilembwe adaukira Atsamunda ku Chiradzulu, Kamuzu adali mphunzitsi wothandizira ndipo adakhala pa mayeso oti akawakhoza akapitirize maphunziro ku Livingstonia. Olemba mbiri yake amafotokoza kuti popeza adali wamfupi ndipo adakhala kumbuyo, adaimirira kuti aone bwino mafunso pabolodi. Woyang'anira mayesowo, mbusa wa Chisikotishi Thomas Cullen Young, adaganiza kuti mnyamatayo akuonera za mnzake, ndipo adamutulutsa. Khomo lokhalo la maphunziro apamwamba limene lidalipo kwa mwana wa ku Kasungu lidatsekeka tsiku limenelo.

Nkhani imeneyi aphunzitsi athu sadatiuze, mwina chifukwa nthawi imeneyo kudali koopsa kunena kuti Ngwazi idatulutsidwapo m'chipinda cha mayeso. Komatu m'kalasi mwathu mudali anyamata amene adabwereza Sitandade 8 katatu kapena kanayi osasankhidwa, ena mpaka kusintha dzina kuti alembenso. Kodi ndi phunziro liti likadawalimbitsa mtima kuposa kumva kuti mtsogoleri wa dziko nayenso adakanidwapo, koma sadataye mtima? Poopa kudetsa mbiri ya munthu, tidabisa chinthu chenicheni chimene chikadathandiza ana.

Ku Halale ndi ku Joni

Atachita manyazi ndi zimene zidachitikazo, mnyamatayo adachoka kwawo wapansi, monga ankachitira amuna ambiri a ku Nyasaland opita kukafuna ntchito. Adafika ku Hartley, kumene lero kumatchedwa Chegutu m'dziko la Zimbabwe, napeza ntchito yosesa m'chipatala. Kumeneko ndiko adaona momwe odwala achikuda ankasamalidwira mosasamala, ndipo ambiri amati maganizo ofuna udokotala adayambira pomwepo. Atsibweni ake aja adamupeza komweko, ndipo mu 1917 awiriwo adapitirira ku South Africa. Adayamba kugwira ntchito pa mgodi wa malasha ku Dundee m'chigawo cha Natal, kenaka Kamuzu adakhazikika pa mgodi wa golide wa Witwatersrand Deep ku Boksburg, kumene chifukwa chodziwa kulemba ndi kulankhula Chingerezi adakhala kalaliki ndi womasulira. Usiku ankapita ku sukulu.

Mu 1921 adamva Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast akulankhula ku Johannesburg. Kuona munthu wakuda wophunzira kwambiri ku America, amene Azungu omwe ankamumvetsera mwaulemu, kudamupatsa njala yaikulu ya sukulu. Iye ndi atsibweni ake adalowa mpingo wa African Methodist Episcopal, umene udayambitsidwa ndi anthu akuda a ku America, ndipo Bishopu W. T. Vernon adavomera kumuthandiza kuti akaphunzire kutsidya kwa nyanja. A Hanock Phiri adadzozedwa ubusa nabwerera ku Kasungu mu 1924 kudzatsegula mpingo ndi sukulu zawo ku Mdabwi, pamene Kamuzu adakwera sitima ya pamadzi kupita ku America mu 1925.

Tikawerengera kuyambira 1898, tiona kuti adali ndi zaka pafupifupi 27 pamene adakalowa sekondale ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio. Taganizani, bambo wandevu kukhala pa desiki limodzi ndi ana. Apa mpamene chaka chobadwa chimakhala ndi tanthauzo, chifukwa chaka cha 1906 chimabisa kupirira kwa munthu amene adadikira zaka khumi, akusesa ndi kulemba matikiti a pamgodi, osaiwala chimene adachokera kwawo.

Ku America ndi ku Mangalande

Adamaliza ku Wilberforce mu 1928, napita ku yunivesite ya Indiana, kenaka ku yunivesite ya Chicago kumene adalandira digiri mu 1931. Ambiri timaganiza kuti digiri yawo yoyamba idali ya udokotala, koma ayi, idali ya mbiri yakale ndi ndale. Ali ku Chicago komweko adathandiza katswiri wa zilankhulo Mark Hanna Watkins, amene mu 1937 adasindikiza buku la malamulo a Chichewa potsata kalankhulidwe ka a Kamuzu, ndiye kuti Chichewa cha kuno ku Kasungu. Udokotala adakauphunzira ku Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville, ndipo adamaliza mu 1937.

Popeza boma la Angerezi silinkalola dokotala wophunzira ku America kugwira ntchito m'maiko ake popanda mapepala a ku Britain, adapitanso ku Edinburgh ku Scotland kumene adamaliza mu 1941. Cholinga chawo chidali kubwerera kudzathandiza anthu akwawo, koma tsankho la nthawi imeneyo lidawatsekereza, pakuti sadapatsidwe malo ofanana ndi madokotala achizungu. Motero adatsala ku Mangalande, nagwira ntchito ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London, kumene odwala awo ambiri adali Azungu.

Ku Scotland adakumananso ndi Cullen Young, yemwe uja adawatulutsa m'mayeso. M'malo mosunga mangawa, awiriwo adakhala mabwenzi, ndipo mu 1946 adatulutsa pamodzi buku lotchedwa Our African Way of Life, lofotokoza miyambo ya anthu a kuno. Ali ku London ankathandiza ndi ndalama ndi malangizo bungwe la Nyasaland African Congress, limene lidakhazikitsidwa mu 1944 ndi anthu monga Levi Mumba ndi James Sangala, ndipo ankalipirirako ophunzira ena a ku Africa. Adatsutsa mwamphamvu chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo chitakhazikitsidwa mu 1953 adasamukira ku Kumasi m'dziko la Gold Coast, limene lidadzakhala Ghana.

Kubwerera kwawo

M'kalasi nkhani inkamveka ngati kuti a Kamuzu adangodzuka tsiku lina nabwera okha kudzawombola anthu amene adali m'tulo. Zoona zake n'zakuti adachita kuitanidwa. Anyamata ophunzira monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene adalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1956, pamodzi ndi Dunduzu Chisiza ndi anzawo, adaona kuti anthu akumidzi ndi mafumu sangatsate achinyamata okhaokha. Pankafunika munthu wachikulire, wophunzira, amene Azungu sakadamupeputsa. Iwowa ndiwo adalemba makalata, ndiwo adayenda m'midzi kulalika dzina la dokotalayo asadafike.

A Kamuzu adatera pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40. Pamisonkhano ankalankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Dziko lidatekeseka, ndipo pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Anthu mazanamazana adamangidwa, ndipo ku Nkhata Bay asilikali adawombera ndi kupha anthu osachepera 20 tsiku lomwelo. A Kamuzu adawatsekera ku ndende ya Gwelo, kumene lero ndi Gweru, pamodzi ndi Chipembere ndi abale awiri a kwa Chisiza, Dunduzu ndi Yatuta. Iwo ali m'ndende, Orton Chirwa ndi Aleke Banda adayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959, nachipereka m'manja mwa a Kamuzu atatulutsidwa pa 1 Epulo 1960. Chipanicho chidapambana chisankho cha mu 1961, a Kamuzu adakhala Nduna Yaikulu mu 1963, chitaganya chidatha kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo dziko lidalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964.

Palibe angakane kuti a Kamuzu adatsogolera nkhondo imeneyi mwanzeru ndi molimba mtima. Koma akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la ufulu wathu lidasenzedwa ndi mitu yambiri.

Mayina amene adafufutidwa

Patangopita miyezi iwiri chilandirire ufulu, nduna zidasemphana maganizo ndi Nduna Yaikulu. Nkhani zake zidali zomveka. Ndunazo zidadandaula za tiki imene odwala adayamba kulipira m'zipatala za boma, za malipiro a ogwira ntchito m'boma, za kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalawi, za ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, ndiponso za khalidwe la a Kamuzu lolamula okha ndi kutchula nduna zawo ngati anyamata pagulu. Mu Sepitembala 1964 a Kamuzu adachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere adatula pansi maudindo awo pogwirizana ndi anzawowo. Ambiri adathawira kunja. Yatuta Chisiza adaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida, Chipembere adamwalira ku America mu 1975, ndipo Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Kuyambira nthawi imeneyo mayina amenewa adasanduka oopsa. Chiume ndi Chipembere onse awiri adakhalapo nduna za maphunziro, koma ana a sukulu sankaloledwa kuwatchula, kupatula powanyoza kuti ndi zigawenga. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, mu 1971 a Kamuzu adakhala Pulezidenti Wamuyaya, ndipo kuyambira 1968 padali bungwe la boma lounika ndi kuletsa mabuku. Ngakhale buku la mbiri ya a Kamuzu eni ake limene mtolankhani Philip Short adatulutsa mu 1974 silinkaloledwa kuno. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi Aaron Gadama wa konkuno ku Kasungu, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa ku Mwanza, ndipo dziko lidauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Mphunzitsi wa pa yunivesite ndi mlakatuli Jack Mapanje adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Ndikakumbukira aphunzitsi athu a mbiri, sindiwaimba mlandu. Ndikukumbukira tsiku lina mnzathu wina atafunsa kuti kodi a Kamuzu adali ndi yani m'ndende ku Gwelo. Aphunzitsi adayang'ana kuzenera, nayang'ananso kukhomo, kenaka adatiuza kuti funsolo silibwera pamayeso. Nthawi imeneyo tidaseka, poganiza kuti sakudziwa yankho. Lero ndikuzindikira kuti yankho ankalidziwa bwino lomwe, koma adali ndi ana kunyumba. Chotsatira chake chidali chakuti phunziro la mbiri lidasanduka kuloweza zaka ndi mayina a mafumu akutali, chifukwa Farao wa ku Ejipito sakadamangitsa munthu. Chodabwitsa n'chakuti zonsezi zidachitika pansi pa mtsogoleri amene iye mwini adali ndi digiri ya mbiri yakale, amene ankadziwa bwino mphamvu ya phunziroli. Kapena tinene kuti adaliopa chifukwa chomwecho cholidziwa.

Sukulu, fodya ndi Mtunthama

Tikanena za maphunziro, a Kamuzu adasiya zinthu zooneka. Ankakonda kunena kuti ali ku Gwelo adalota zinthu zitatu, yunivesite, likulu latsopano ku Lilongwe, ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja, ndipo zonsezi zidachitika. Yunivesite ya Malawi idatsegulidwa mu 1965, Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973, likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo sukulu ya udokotala idayamba ku Blantyre mu 1991. Sukulu za sekondale zidamangidwa m'maboma, ndipo ambiri a ife amene tili m'maofesi lero tidadutsa m'makomo amenewo. Mu 1968 Chinyanja chidatchedwa Chichewa nichikhala chilankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ngakhale kuti abale athu a kumpoto adamva kuwawa poona Chitumbuka chikuchotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Adamvanso kuwawa mu 1989 pamene aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo, ndipo sukulu zambiri za kuno zidataya aphunzitsi aluso a masamu ndi sayansi.

Mu 1981 adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, pafupi ndi kachere uja adaphunzirapo ali mwana. Ana anzeru ankasankhidwa kuchokera m'maboma onse, ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ndipo aphunzitsi adali Azungu ochokera kunja. Ana ambiri a anthu osauka adatukuka kudzera pa sukulu imeneyi, ndipo ena mwa iwo ndi madokotala ndi akatswiri a dziko lino. M'menemo timaona mtima wa mnyamata uja wa mu 1915, wofuna kuti mwana wa kumudzi alandire maphunziro ofanana ndi a mwana wa mfumu ya ku Mangalande.

Koma kunja kwa mpanda wa sukuluyo kudali Kasungu wina. M'zaka za m'ma 1970 malo ambiri a m'boma lino adasanduka maesiteti a fodya, ena a makampani a Press ndi General Farming amene adali m'manja mwa a Kamuzu, ena a nduna ndi akuluakulu a chipani. Lamulo silinkalola mlimi wamba kulima fodya wa bale pamunda pake mpaka mu 1990, ndipo mbewu zimene ankaloledwa kulima ankagulitsa ku ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma. Motero mabanja ambiri adalowa utenanti. Ine ndidakulira pa esiteti ina, bambo anga ali tenanti. Ndimadziwa kuthirira nazale m'bandakucha, kuthyola, kusoka ndi kupachika fodya m'chigafa, ndiponso kudikira kuti mabelo akagulidwe ku okushoni kuti tione ngati patsala kanthu mwini esiteti atadula ngongole ya chimanga ndi feteleza. Sukulu ya pulayimale idali yolipira pafupifupi nthawi yonse ya ulamuliro wa a Kamuzu. Chaka china ndalama zidakwanira mwana mmodzi yekha, ndipo mlongo wanga, amene ankandiposa nzeru m'kalasi, adalekezera Sitandade 5 kuti ine ndipitirize. Pamene sukulu ya pulayimale idakhala yaulere mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana onsewo adalipo kale, adali m'minda ndi m'zigafa.

Masiku otsiriza

Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a mpingo wa Katolika adatulutsa kalata imene idawerengedwa m'matchalitchi onse, yodzudzula kusowa kwa ufulu wolankhula, umphawi, ndiponso kuchepa kwa sukulu ndi zipangizo zophunzirira. Ophunzira a ku yunivesite adaguba, ogwira ntchito adanyanyala, Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege, ndipo maiko othandiza adaimitsa thandizo. Pa 14 Juni 1993 anthu adasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha nyali ya zipani zambiri, ngakhale kuti m'Chigawo cha Pakati ambiri adatsalira kwa tambala. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi adapambana, ndipo a Kamuzu adavomera kugonja pa wailesi nayamikira wopambanayo. Pa zonse zimene adachita atakalamba, chimenechi n'chimodzi chimene chidapulumutsa dziko lino ku mwazi.

Bungwe lofufuza lidapeza kuti anthu anayi a ku Mwanza aja adachita kuphedwa ndi apolisi. A Kamuzu adazengedwa mlandu mu 1995 koma khoti lidawapeza osalakwa, ndipo kumayambiriro kwa 1996 adapepesa mtundu wa Amalawi chifukwa cha zowawa zimene anthu adakumana nazo m'nthawi ya ulamuliro wawo. Adamwalira m'chipatala ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997, pafupi ndi kumene adagwirako ntchito ya ukalaliki ali mnyamata, ndipo adaikidwa m'manda ku Lilongwe.

Phunziro kwa ife

Titalowa m'ndale za zipani zambiri, ndidayembekeza kuti ana athu adzaphunzira mbiri yathunthu. Zina zidasinthadi, ndipo mayina a Chipembere, Chiume ndi Chirwa tsopano amatchulidwa poyera. Koma ndikacheza ndi ana a abale anga ndimaona kuti matenda akale aja sadatheretu. Ambiri amathawa phunziro la mbiri poganiza kuti silipezetsa ntchito, ndipo amene amalitenga amaloweza manotsi monga tinkachitira ife. Ena amangodziwa Kamuzu womanga misewu ndi zipatala, ena amangodziwa Kamuzu wa ndende ya Mikuyu, malinga ndi chipani cha makolo awo. Onsewa alandira theka, monga tidalandirira ife.

Moyo wa a Kamuzu ukutiphunzitsa zinthu ziwiri zimene siziyenera kulekanitsidwa. Choyamba n'chakuti sukulu ili ndi mphamvu yonyamula mwana wa pansi pa kachere, wosesa m'chipatala, n'kumukhazika pa tebulo limodzi ndi olamulira dziko lake. Adafika kumeneko chifukwa cha khama lake, komanso chifukwa padali atsibweni, bishopu ndi anthu ena akufuna kwabwino amene adamugwira dzanja. Chachiwiri n'chakuti madigiri paokha sasintha mtima wa munthu wolamulira. Munthu wophunzira kwambiri angathe kutseka pakamwa anzake, ndipo chimene chimateteza dziko ndi anthu wamba ambiri ophunzira, odziwa kumene adachokera, ozolowera kufunsa. Safunsa adadya phula, ndipo ife tidadya phula zaka 30.

Ndikupempha tsono kuti pamsonkhano wathu ukubwerawu tikambirane zinthu zitatu. Tisonkhe ndalama zogulira laibulale ya sukulu yathu mabuku a mbiri ya Malawi, olembedwa ndi anthu a maganizo osiyanasiyana, kuti ana aziwerenga okha ndi kuyerekeza. Tilimbikitse aphunzitsi ndi ophunzira kuti azipita m'midzi yozungulira kukalemba zimene agogo akukumbukira za utenanti, za makadi a chipani, za ulendo wa ku Joni ndi za mafumu athu, pakuti okalambawo akutha ndipo akupita ndi nkhani zawo. Pomaliza, aliyense wa ife amene Mulungu adamudalitsa ndi ntchito aganizire mwana mmodzi wa pa esiteti, makamaka mtsikana, amene akusowa yunifolomu, makope kapena zina zofunika kuti akhale m'kalasi, ndipo akhale kwa iye chimene a Hanock Phiri adali kwa mphwawo. Mlongo wanga uja lero ali kumudzi, akulima fodya, ndipo ana ake ndikuwaphunzitsa ndine, koma ndikudziwa kuti ngongole yanga kwa iye sindidzaimaliza.